Kujambula ndi kusunga nyimbo ndi nthano zamakolo ku Machinga ndi Balaka

Kujambula nyimbo ndi nthano zamakolo ndi ntchito yotenga mawu a oimba ndi osimba nthano pa makina, kulemba zofotokoza za iwo, ndi kuzisunga kuti anthu a mtsogolo adzathe kuzimva. M'maboma a Machinga ndi Balaka, kuchigawo cha kummwera kwa Malawi, ntchitoyi imakhudza makamaka nyimbo ndi nthano za Ayao, Alomwe, Anyanja ndi Angoni. Nthano za Chiyao zinayamba kusindikizidwa m'mabuku m'zaka za m'ma 1880, ndipo pofika 1906 nyimbo zina za Chiyao zinali zitalowa kale m'makina. Zambiri mwa zomwe zinajambulidwa kuchokera nthawi imeneyo zikusungidwa kutali ndi midzi ya eni ake, monga ku Berlin, ku Vienna, ku Makhanda m'dziko la South Africa, ndi ku Blantyre. Pa chifukwa ichi ntchito yosunga nyimbo ili ndi mbali ziwiri: kujambula zomwe zikuimbidwabe lero, ndi kubwezera kwa eni ake zomwe zinajambulidwa kale.

Dera ndi anthu ake

Boma la Machinga, lomwe kale linkatchedwa Kasupe, lili kummawa kwa mtsinje wa Shire ndipo limafika kunyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumalire ndi Mozambique. Balaka inali mbali ya Machinga mpaka 1998 pamene inakhala boma palokha. Nsanama ndi malo amalonda omwe ali pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja, ndipo ndi dzina la mfumu yaikulu ya deralo.

Anthu a Chinyanja ndiwo anali m'derali kalekale, makamaka m'mbali mwa Shire ndi m'mphepete mwa nyanja. Ayao anafika chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera kudera lomwe lero ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique. Gulu lina la iwo linkatchedwa Amachinga, ndipo mafumu monga Kawinga, Liwonde, Nyambi, Kalembo ndi Msamala ndi a Chiyao. Alomwe anayamba kulowa mochuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndipo anapitiriza kubwera m'zaka zotsatira. Kumbali ya Balaka yoyandikana ndi Ntcheu kuli Angoni. Chifukwa cha kukwatirana ndi kukhala moyandikana, si zachilendo kumva nyimbo imodzi yokhala ndi mawu a Chiyao ndi a Chichewa, kapena gule wa mtundu wina akuvinidwa pamwambo wa mtundu winanso.

Nyimbo ndi magule

Nyimbo zambiri za m'derali zimayendera limodzi ndi gule kapena ntchito inayake.

Manganje ndi gule wa Ayao wovinidwa nthawi ya chinamwali, ana akamapita ku ndagala komanso akamatuluka. Anthu amayenda chigulu m'misewu ya m'mudzi akuimba ndi kuvina motsatira ng'oma. Chinamwali cha anyamata chimatchedwa jando, cha atsikana nsondo, ndipo kawirikawiri zimachitika anthu atakolola, sukulu zitatsekera.

Beni ndi gule wotsanzira perete wa asilikali. Dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi akuti band. Unayambira m'matauni a Chiswahili a m'mphepete mwa nyanja yamchere cha m'ma 1890, ndipo unafala kuno makamaka itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene asilikali ndi amtengatenga anabwerera kwawo. Ovina amavala zonga yunifomu ndipo amakhala ndi maudindo ngati a kunkhondo. Wolemba mbiri Terence Ranger anasindikiza buku lonena za guleyu mu 1975.

Sikiri ndi ya Asilamu a Chiyao. Mawuwa anachokera ku liwu la Chiarabu lakuti dhikr, kutanthauza kukumbukira Mulungu. Amuna amaima pamodzi n'kumapuma mwamphamvu motsatira kayendedwe ka nyimbo, popanda ng'oma, pomwe wina akutsogolera mawu. Inafala ndi gulu la Qadiriyya ndipo imamveka pamaliro, pa sadaka ndi pa ziyala.

Palinso likwata, yomwe amavina amayi, masewe wa anyamata, ndi m'bwiza woimbidwa ndi akodiyoni. Alomwe ali ndi tchopa, wovinidwa pokondwerera zokolola komanso popereka nsembe kwa mizimu, pamene Angoni ali ndi ngoma, wovina atanyamula zishango ndi zibonga. Kupatula magule, pali nyimbo zapamtondo, zotonthoza mwana, za asodzi, za pamaliro ndi za masewera a ana a usiku wa mwezi.

Zoimbira

Choimbira chodziwika kwambiri cha Ayao ndi mangolongondo. Amasema mitengo yopepuka, kuiyala mopingasa pamwamba pa makungwa awiri a nthochi, ndipo anthu awiri amakhala moyang'anana n'kumaimenya ndi timitengo. Aliyense amamenya m'mipata yomwe mnzake wasiya, mothamanga kwambiri, kotero kuti womvera amamva nyimbo yomwe palibe mmodzi mwa awiriwo akuiimba payekha. Kale mangolongondo ankaimbidwanso m'minda, pothamangitsa anyani ndi mbalame mbewu zikamacha. Popeza nthochi zimauma ndi kuwola, choimbirachi sichikhalitsa ngati ng'oma, ndipo luso lake limatha msanga pakasowa wosema ndi wophunzitsa.

Bangwe ndi thabwa lomangidwa nsambo, lomwe mbali imodzi amailowetsa m'chikho kapena m'chitini kuti mawu akule. Woimba amakhwacha nsambo zonse ndi dzanja limodzi, kwinaku akutseka zina ndi zala za dzanja linalo. Oimba bangwe ambiri anali amuna oyendayenda, ena mwa iwo osaona, ndipo nyimbo zawo zinkanena za umphawi, maukwati, imfa ndi ulendo wokagwira ntchito kunja. Palinso kaligo wa nsambo imodzi wokhwekhweza ndi kauta, sansi kapena kalimba, ndi mkangala, uta wa bango womwe amayi ndi atsikana amaimba atauika pakamwa.

Nthano

Nthano zimasimbidwa madzulo anthu atadya, makamaka m'nyengo yopanda ntchito zambiri za kumunda. Ana ankaletsedwa kusimba nthano masana. Wosimba sayankhula yekha: pa Chichewa omvera amavomera kuti "tili tonse" pakutha pa chiganizo chilichonse, ndipo nthano zambiri zimakhala ndi nyimbo pakati, yomwe wosimba amayambitsa ndipo omvera amaipolokoza. Nyimboyo imabwerezedwa nthawi iliyonse nkhani ikafika pachimake, mwachitsanzo pamene mbalame ikuulula chinsinsi kapena mwana wamasiye akuitana mayi ake. Kalulu, Fisi, Kamba ndi Njovu amapezeka m'nthano za mitundu yonse ya m'derali. Nthano zimayenderanso limodzi ndi miyambi ndi zilapi.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa kulemba ndi kujambula. Pepala limasunga nkhani ndi mawu a nyimboyo, koma silisunga maimbidwe ake, kusintha kwa liwu la wosimba akamatsanzira nyama, ngakhale kuseka ndi kuvomera kwa omvera. Nthano zambiri zomwe zinasindikizidwa kale zili ndi mawu a nyimbo omwe owerenga sangathe kuwaimba ngati sanawamvepo kwa munthu.

Zolembedwa m'mabuku

Duff Macdonald, mmishonale wa ku Blantyre, anasindikiza buku la Africana mu 1882, momwe muli miyambo ndi nthano za Ayao. Mu 1907 R. S. Rattray anatulutsa buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja pamodzi ndi matanthauzo ake m'Chingerezi. Buku lofunika kwambiri pa mbiri ya Ayao ndi Chiikala cha Wayao, lolembedwa ndi wansembe wa Anglican Yohanna Barnaba Abdallah, yemwe anali Myao. Linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, Meredith Sanderson atalimasulira m'Chingerezi, ndipo linachokera pa zomwe akuluakulu ankasimba pakamwa.

J. Clyde Mitchell anachita kafukufuku pakati pa Ayao a kuchigawo chino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo buku lake la The Yao Village linatuluka mu 1956. Dziko litalandira ufulu, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anatolera nthano ndi nyimbo zambiri. Zina zinalowa m'buku la Land of Fire la Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe mu 1985, ndipo Steve Chimombo analemba Malawian Oral Literature mu 1988. Mu 2006 Ian Dicks anasindikiza Wisdom of the Yawo People, buku la miyambi ndi nthano m'Chiyao ndi m'Chingerezi.

Ojambula oyambirira

Makina oyamba otha kujambula mawu ndi kuwamveketsanso anapangidwa ndi Thomas Edison mu 1877. Ofufuza a ku Ulaya ankayenda ndi makina olemba mawu pa timigolo ta phula, tomwe tinkangotenga mphindi zochepa. Mu 1906 Karl Weule wa ku Germany anayenda kummwera kwa dziko lomwe lero ndi Tanzania, m'madera a Lindi, Masasi ndi Newala, ndipo anajambula nyimbo za Ayao, Amakua ndi Amakonde. Timigolo take tinakasungidwa ku Berlin. Ngakhale sizinajambulidwe ku Malawi, nyimbozi ndi zina mwa zakale kwambiri za m'Chiyao zomwe munthu angazimve lero.

Hugh Tracey, yemwe anabadwa mu 1903 ndi kumwalira mu 1977, ndiye anajambula nyimbo zambiri za Nyasaland nthawi ya atsamunda. Anabwera maulendo angapo, kuphatikizapo mu 1950, 1957 ndi 1958, ali ndi galimoto zonyamula makina ndi jenereta. Ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaisendeza kwa woimba aliyense mosinthana, kuti womvera azindikire ng'oma iliyonse ndi liwu lililonse. Pa nyimbo iliyonse ankalemba khadi losonyeza malo, chilankhulo, zoimbira ndi tanthauzo la mawu. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, mwachidule ILAM, yomwe mu 1978 inasamukira ku Rhodes University mumzinda wa Grahamstown, lero Makhanda. Nyimbozi zinatuluka pa mbale zoposa 200 za mndandanda wa Sound of Africa. Pambuyo pake kampani ya SWP Records inatulutsa ma CD awiri a nyimbo za ku Malawi zokha, ndipo imodzi ndi ya nyimbo za Amang'anja, Achewa ndi Ayao.

Ntchito ya Tracey ili ndi zoperewera zake. Ankakhala masiku ochepa pamalo amodzi, ndipo oimba ankasonkhanitsidwa kudzera mwa mafumu ndi akuluakulu a boma, choncho nyimbo zambiri zinaimbidwa kunja kwa mwambo wake weniweni. Nyimbo yomwe pabwalo imatha nthawi yaitali inkafupikitsidwa kuti ikwane pa mbale. Pa makhadi ena, makamaka a nyimbo za amayi, palibe mayina a oimba koma mawu ongonena kuti ndi gulu la amayi a mtundu wakutiwakuti.

Kubik, a Kachamba ndi a Malamusi

Gerhard Kubik, katswiri wa ku Vienna wobadwa mu 1934, anatsata njira ina: ankabwerera kwa anthu omwewo kwa zaka zambiri. Mu 1967 anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a ku Chileka oimba gitala ndi chitoliro, ndipo chaka chomwecho anajambula kanema wa jando kwa Makanjila m'boma la Mangochi. Analembanso za kaimbidwe ka mangolongondo. Zojambula zake zambiri zimasungidwa ku Phonogrammarchiv, nkhokwe ya mawu ya ku Vienna yomwe inakhazikitsidwa mu 1899.

Chofunika pa ntchitoyi n'chakuti Amalawi enieni anakhala ofufuza. Donald Kachamba, Moya Aliya Malamusi ndi mlongo wake Lidiya Malamusi ankajambula okha nyimbo ndi nthano m'midzi, kulemba mawu ake ndi kuwamasulira. Mayina awo ali pa buku la Malawian Music: A Framework for Analysis lomwe linatuluka ku Zomba mu 1987. Mu 1989 kunatuluka chimbale cha Opeka Nyimbo, chomwe chinaonetsa oimba a kummwera kwa Malawi, monga woimba bangwe Limited Mfundo, ngati anthu okhala ndi mayina ndi luso lawolawo, osati ngati mawu a mtundu chabe. A Malamusi anakhazikitsanso Oral Literature Research Programme ku Chileka, komwe amasunga matepi ndi zoimbira.

Wailesi

Dziko lisanalandire ufulu, anthu a ku Nyasaland ankamvera wailesi ya ku Lusaka yotchedwa Central African Broadcasting Station, yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja. Omvera anachuluka kuyambira 1949 pamene kunabwera wailesi yotchipa yooneka ngati sefuliya. Alick Nkhata, yemwe anagwirapo ntchito ndi Tracey, anali mmodzi wa oulutsa ndi oimba otchuka kumeneko.

Malawi Broadcasting Corporation inakhazikitsidwa mu 1964. Antchito ake ankayenda m'maboma kukajambula magule ndi oimba pa matepi a mkombero, ndipo pulogalamu ya Nyimbo za M'maboma inathandiza kuti munthu wa ku Karonga amve beni, wa ku Machinga amve vimbuza. Kwa zaka zambiri situdiyo ya MBC ndiyo inali malo aakulu ojambulira nyimbo m'dziko muno, choncho nkhokwe yake ndi imodzi mwa zazikulu kwambiri za nyimbo za Amalawi. Wofufuza ayenera kuimvera mosamala, chifukwa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi nyimbo zambiri zamakolo zinasinthidwa mawu kukhala zotamanda Dr. Hastings Kamuzu Banda, maimbidwe n'kukhala omwewo. Komanso kuyambira 1968 wailesiyi inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi, ndipo Chiyao ndi Chilomwe zinapeza malo pambuyo pa 1994.

Matepi sakhalitsa. Kutentha ndi chinyezi zimawamatiza, nkhungu imawadya, ndipo makina owaseweretsa akusowa. M'zaka za m'ma 2010 MBC inayamba kusamutsira matepi ake pa kompyuta, mothandizidwa ndi dziko la Norway komanso mtolankhani wa nyimbo wa kumeneko, Sigbjørn Nedland.

Ntchito za m'zaka zaposachedwa

Tauni ya Balaka ili ndi mbiri yakeyake pa nkhani yojambula. Alleluya Band inayambira pa parishi ya Katolika ya kumeneko mu 1978, ndipo Paul Banda anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe yomwe inajambula oimba ambiri nthawi ya makaseti. Mng'ono wake Lucius Banda, yemwe anamwalira mu 2024, anatchukitsa kwambiri maimbidwe a ku Balaka. Nyimbo zojambulidwa kumeneko zinali makamaka zauzimu ndi za rege, koma zinasonyeza kuti kujambula n'kotheka kunja kwa Blantyre ndi kunja kwa MBC.

Mu 2012 bungwe la Malawi National Commission for UNESCO ndi National Library Service anayamba ntchito yotolera nthano m'dziko lonse, mothandizidwa ndi kampani ya Sony, yomwe inapereka makina, komanso bungwe la ku New Zealand lomwe lero limatchedwa Rei Foundation. Achinyamata a ku Malawi anaphunzitsidwa kujambula mawu ndi kanema, ndipo anatolera nthano zoposa 200 m'zilankhulo zosiyanasiyana. Pambuyo pake ntchitoyi inafikanso ku nyimbo zamakolo, mogwirizana ndi Music Crossroads Malawi. Nthano zina zinayamba kusimbidwa kwa ana ku laibulale ya ku Lilongwe.

Malo ena osunga zachikhalidwe ndi National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe inayamba mu 1947, nyumba yosungira zakale ya Chichiri ku Blantyre, ndi Kungoni Centre ku Mua m'boma la Dedza, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 ndipo ili ndi chipinda chofotokoza miyambo ya Ayao. Malawi inavomereza pangano la UNESCO la 2003 loteteza chikhalidwe chosagwirika mu 2010. Pa mndandanda wa bungweli pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza kuyambira 2008, Tchopa kuyambira 2014, Mwinoghe kuyambira 2018, ndi luso la mbira kapena sansi, lomwe Malawi inalembetsa pamodzi ndi Zimbabwe mu 2020.

Chifukwa chake nyimbo zimatayika

Nyimbo imakhala ndi moyo pamene ntchito kapena mwambo wake ulipo. Chitsanzo chodziwika ndi cha nyimbo zapamtondo. Amayi akamasinja awiri kapena atatu, ankaimba motsatira kugunda kwa minsi, ndipo m'nyimbomo ankatulutsa zakukhosi zomwe sakanatha kuzinena maso ndi maso: za mwamuna waulesi, za apongozi, za mkazi mnzawo wa pamitala, za bambo amene anapita ku Joni osatumiza kalata. Zigayo zitafala m'malo amalonda ngati Nsanama, Ntaja ndi Ulongwe, ntchito ya amayi inapepuka, koma nthawi yoimba nyimbozi inachepa.

Nyimbo zoterezi ndi umboni wa mbiri. Megan Vaughan, polemba buku la The Story of an African Famine la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anagwiritsa ntchito nyimbo zapamtondo za amayi omwe anaiona njalayo. M'nyimbozo munali zomwe malipoti a boma sanalembe, monga za amuna amene anachoka kukasaka chakudya osabwereranso.

Zifukwa zina ndi izi. Madzulo omwe anali a nthano tsopano amapita ku wailesi, ku nyumba zoonetsera kanema, ku foni ndi ku ntchito ya kusukulu. Pa maukwati ambiri zokuzira mawu zalowa m'malo mwa ng'oma. Mipingo ina imaletsa akhristu ake magule ena, ndipo pakati pa Asilamu pakhala kusiyana maganizo kwa zaka zambiri pa nkhani yoimba pamaliro, pakati pa a Qadiriyya ndi omwe amatchedwa asukuti. Achinyamata ambiri a m'derali amapita ku South Africa kukagwira ntchito pa msinkhu womwe akanaphunzira kwa akuluakulu. Mitengo yosemera ng'oma ndi mangolongondo ikusowa chifukwa cha kuotcha makala. Chilankhulo nachonso chimasintha: Alomwe ndi Angoni ambiri amalankhula Chichewa, ndipo ena amaimba mawu akale omwe tanthauzo lake saliyankhulanso tsiku ndi tsiku.

Sikuti zonse zikutha. Manganje amamvekabe chaka chilichonse, magulu a beni ndi tchopa amavina pamisonkhano ndi pazikondwerero, ndipo mabungwe a Chiwanja cha Ayao ndi Mulhako wa Alhomwe amalimbikitsa magule a makolo awo. Zomwe zili pachiswe kwambiri ndi zosaonekera pagulu: nthano za agogo, nyimbo zotonthoza ana, zapamtondo, ndi zoimbira za munthu mmodzi ngati bangwe, kaligo ndi mkangala.

Momwe ntchito yojambula imayendera

Lero foni yam'manja ingathe kugwira ntchito yojambula yomwe Tracey ankanyamulira makina pa galimoto. Chovuta si makina koma dongosolo. Ojambula amayamba ndi kupempha chilolezo kwa mfumu ndi kwa oimba eni ake, n'kuwafotokozera komwe mawu awo akupita ndi amene adzawamve. Chilolezocho chingathe kujambulidwa ndi mawu m'chilankhulo cha woimbayo ngati sadziwa kulemba.

Pojambula amasankha malo opanda mphepo ndi phokoso la chigayo kapena njinga zamoto. Ng'oma zimaphimba mawu a anthu, choncho maikolofoni imayandikizidwa kwa wotsogolera nyimbo, ndipo nthawi zina nyimbo imajambulidwa kawiri, kachiwiriko popanda ng'oma kuti mawu amveke. Nthano imajambulidwa pamodzi ndi omvera ake, chifukwa kuvomera kwawo ndi mbali ya nthanoyo.

Chojambula chilichonse chimafunika kukhala ndi mayina a oimba, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku, chilankhulo, dzina la gule, zoimbira, nthawi yomwe nyimboyo imaimbidwa, yemwe anaipeka ngati akudziwika, ndi yemwe anaphunzitsa woimbayo. Mawu amalembedwa m'chilankhulo chake asanamasuliridwe, ndipo tanthauzo amafunsa kwa oimba omwewo, popeza nyimbo zambiri zimayankhula mokuluwika. Fayilo yopanda zimenezi imasanduka mawu a munthu wosadziwika pakangopita zaka zochepa.

Nkhokwe za mawu zimasunga chojambula choyambirira mu mtundu wa WAV, womwe sutaya kalikonse, ndipo MP3 imagwiritsidwa ntchito pogawira anthu. Makope amasungidwa m'malo osiyana, chifukwa foni imabedwa, memori khadi imafa, ndipo madzi osefukira, monga a namondwe Freddy wa mu 2023, angawononge zonse zosungidwa m'nyumba imodzi.

Umwini ndi chinsinsi

Lamulo la Copyright Act la 1989, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2016, linkanena kuti umwini wa zaluso zamakolo uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a Malawi. Bungwe la Copyright Society of Malawi, mwachidule COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira nkhani za umwini wa nyimbo. Vuto limabuka pamene nyimbo yotchedwa yamakolo ili ndi woipeka wodziwika m'mudzi mwake, kapena pamene woimba wa m'tauni watenga nyimbo ya gule n'kuigulitsa ngati yake, eni ake osapeza kanthu.

Palinso nyimbo zomwe si za aliyense. Malangizo ndi nyimbo za ku ndagala ndi ku nsondo zimaphunzitsidwa kwa ovinidwa okha, monganso zina za Gule Wamkulu kwa Achewa. Kuziika pa YouTube kapena kuzitumiza pa WhatsApp kumaphwanya mwambo ndipo kumachititsa akuluakulu kukana ojambula ena onse obwera pambuyo. Nkhokwe zambiri masiku ano zimalekanitsa zomwe aliyense angamve ndi zomwe zimatsegulidwa pokhapokha eni mwambo atalola. Pojambula ana pamafunika chilolezo cha makolo.

Kubwezera nyimbo kwa eni ake

ILAM itasamutsira zojambula za Tracey pa kompyuta m'zaka za m'ma 2000, inayamba kubwezera makope kumadera komwe zinachokera. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Kenya mu 2014, pamene nyimbo ya Chemirocha, yojambulidwa mu 1950, inabwezedwa kwa anthu a Chikipsigis. Mu 2016 ntchito ya Beating Heart inatulutsa chimbale chomwe oimba amakono anapanga pogwiritsa ntchito nyimbo zomwe Tracey anajambula ku Malawi.

Kubwezera kumathandizanso nkhokwe zomwezo. Okalamba akamva chojambula chakale amatha kuzindikira liwu la wachibale, kutchula dzina lomwe silinalembedwe pa khadi, kukonza mawu omwe wofufuza anamva molakwika, kapena kukumbukira ndime zomwe zinadulidwa. Mwayi umenewu ukuchepa chaka ndi chaka, chifukwa omwe anali ana mu 1958 tsopano apitirira zaka 65.

Kuika nyimbo pa intaneti pakokha sikufikitsa nyimbozo kumudzi. Mindandanda ya nkhokwe zakunja ili m'Chingerezi kapena m'Chijeremani, mayina a malo analembedwa monga ankatchulidwira nthawi ya atsamunda, mwachitsanzo Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, ndipo bando ya intaneti ndi yodula kwa anthu ambiri. Njira zomwe zimafika kwa anthu a m'madera ngati Nsanama ndi wailesi za m'madera, mamemori khadi omwe anthu amaikitsa nyimbo pa malo amalonda, zikondwerero za chikhalidwe, ndi sukulu za pulayimale, komwe phunziro la Expressive Arts limapereka mpata woti ophunzira amve nyimbo za kwawo ndi kuitana akuluakulu a m'mudzi kudzawaphunzitsa kaimbidwe ndi kavinidwe kake.